Tiyi wochepetsa thupi sasungunula mafuta

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu omwewa, ndipo ndatopa nawo: akuti munthu wonenepa kwambiri safunika dokotala, angomwa tiyi wochepetsa thupi kapena madzi otentha a mandimu n'kumagona ndi njala, mafuta asungunuka okha.

Si zoona. Matiyi ambiri otere amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo ikatsika m'mawa mwake, chachoka ndi madzi, ndipo amabwerera mukangodya ndi kumwa.

Kuchipatala amayamba n'kuyeza. Amagawa makilogalamu anu ndi msinkhu wanu wa m'mamita, kenako n'kugawanso ndi msinkhu womwewo. Wolemera makilogalamu 95, wotalika mamita 1.7, amapeza pafupifupi 33, ndipo kuyambira 30 ndiye kunenepa kofunika chithandizo. Amayezanso BP ndi shuga, n'kufunsa za mankhwala amene mukumwa, popeza ena amanenepetsa. Akatero mumagwirizana za kadyedwe ndi kulimbitsa thupi, kuti muzitsika theka la kilogalamu kapena imodzi pa sabata. Zikuoneka zochepa, koma kuchotsa makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse kumathandiza kale BP ndi shuga.

Chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kudzimana chakudya popanda wokuyang'anirani. Kuonda mothamanga kumatha kuyambitsa timiyala m'ndulu, ndipo amene amadzibaya insulin, mankhwala a matenda a shuga, akhoza kukomoka shuga akatsikitsitsa.

Werengani zomwe zalembedwa pa paketi ya tiyiyo, mukaionetse kwa dokotala kapena ku famase. Uthenga wolonjeza kuonda m'masiku ochepa ukafika pa WhatsApp, chonde musautumize kwa ena musanafunse achipatala.