Okosijeni Sapha: Uthenga kwa Makolo ndi Onse Odikirira Odwala

Pali mphekesera imene yakhala ikuyenda m'midzi ndi m'mawodi mwathu kwa zaka zambiri, ndipo inakula kwambiri nthawi ya Covid-19, yakuti wodwala akaikidwa pa okosijeni ndiye kuti zake zatha. Chifukwa cha mphekeserayi, makolo ena amakana kuti mwana wawo aikidwe timachubu m'mphuno, ena amatichotsa usiku namwino akangotembenuka, pamene ena amabereka mwana kumbuyo n'kuthawa naye m'chipatala mbandakucha. Zimenezi zikutitayitsa miyoyo imene ikanapulumuka.

Munthu amabanika pa zifukwa zosiyanasiyana: chibayo, mphumu, malungo aakulu, kuchepa kwa magazi, matenda a mtima, kapena kubadwa masiku asanakwane. Zonsezi zimachititsa kuti ubongo, mtima ndi impso zisalandire okosijeni wokwanira, ndipo ziwalozi sizichedwa kuwonongeka. Okosijeniyo si mankhwala achilendo. Ali kale mumpweya umene tonse tikupumawu, magawo 21 pa 100 alionse, ndipo makina olira aja amene amaikidwa pambali pa bedi amangokoka mpweya wa m'chipindamo n'kuusefa kuti wodwala alandire okosijeni wochulukirapo. Namwino sachita zongoganizira: amapana chala cha wodwala ndi kachipangizo kowala kofiira koyeza okosijeni m'magazi, ndipo nambala ikatsika kuchepera 90, wodwalayo akufunika okosijeni nthawi yomweyo, osati mawa kapena amalume akafika kuchokera kumudzi.

Tikudziwa kumene mantha amachokera. Ambiri munaonapo m'bale wanu akumwalira ali ndi timachubu m'mphuno, ndipo chisoni chimenecho sitikuchipeputsa. Koma taganizani: amene amaikidwa pa okosijeni ndi amene wadwalitsitsa kale, ndipo nthawi zambiri amakhala atafika mochedwa, atayamba wayesa mapiritsi a kugolosale ndi mankhwala achikuda kwa masiku angapo. Munthu womira m'madzi akamwalira atavuulidwa kale, sitinena kuti wamupha ndi amene anamuvuula.

Kafukufuku akusonyeza kuti vuto lathu ndi kusowa kwa okosijeni, osati kupezeka kwake. M'chaka cha 2025, magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'zipatala 180 za m'mayiko 22 a mu Africa. Anapeza kuti wodwala mmodzi mwa 8 alionse ogonekedwa anali wodwala mwakayakaya, ndipo pafupifupi theka la amene ankalephera kupuma sankalandira okosijeni. Kuno kwathu, kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anayesa makina a CPAP aja amene madzi ake amabwatabwata m'botolo, amene amathandiza makanda obanika. Zotsatira za mu 2014 zinasonyeza kuti makanda 71 pa 100 amene anaikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 mwa amene sanawapeze. N'zomvetsa chisoni kuona kholo likukana chithandizo chimene ena akuchilirira osachipeza.

Kumbukiraninso kuti aliyense wogonetsedwa ndi mankhwala pa opaleshoni amapatsidwa okosijeni, ndipo akadzuka n'kuchira amabwerera kwawo. Chimodzimodzi m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ICU: wodwala amene ali pa makina omuthandiza kupuma kawirikawiri amapatsidwa mankhwala ogonetsa kuti asamve ululu kapena kulimbana ndi chubu chimene chili kukhosi. Mukamupeza ali duu, osayankha, musathamangire kunena kuti achipatala akubisa maliro. Funsani, ndipo muli ndi ufulu wofotokozeredwa.

Chimene tikukupemphani kwambiri ndi kusachedwa. Mwana akamapuma mothamanga, nthiti zikamalowa mkati popuma, akamabuula, akamalephera kuyamwa kapena kumwa, kapena milomo ndi lilime zikasintha mtundu n'kuyamba kuda, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, ndiponso wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposerapo, akupuma mothamanga. Wamkulu amene akulephera kutsiriza chiganizo chifukwa cha befu nayenso asagone kunyumba.

Wodwala wanu akaikidwa pa okosijeni, musachotse timachubu ngakhale mwana akulira kapena akuoneka kuti wapezako bwino. Amene amachotsa ndi achipatala, atayeza. Musapotokole kabatani kochepetsa kapena kuwonjezera mpweya, chifukwa muyezo wake ndi wa wodwala aliyense payekha, ndipo kwa khanda lobadwa masiku asanakwane, okosijeni wopyola muyezo angawononge maso. Musasute fodya kapena kuyatsa kandulo pafupi ndi silinda ya okosijeni, pakuti moto umakolera msanga pamene pali okosijeni. Timachubu tikasololoka, magetsi akazima, kapena makina akasiya kulira, itanani namwino mwamsanga, ngakhale mutaona kuti watanganidwa ndi wodwala wina.