Kompyuta imawerenga tulo, osati masiku

Mlendo akafika Lolemba n'kuchoka Lachitatu, timati wagona masiku awiri. Koma waganyu amene wasankha fodya ku Santhe kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu, mukamulipira masiku awiri mukangana naye, chifukwa wagwira atatu. Mawerengedwe onse awiri ndi oona. Ine ntchito yanga ndi yokonza madatabesi (nkhokwe za kaundula pa kompyuta) a timabungwe ta ngongole kuno ku Kasungu, ndipo mikangano yambiri ya chiwongoladzanja imene ndaiona imayambira pamenepa.

Mukafunsa databesi kuti pakati pa madeti awiri pali masiku angati, imachotsera deti loyamba pa lomaliza, basi. Imawerenga ngati mlendo uja. Mu MySQL, imodzi mwa mapulogalamu a databesi, mumalemba lamulo lakuti DATEDIFF('2024-03-05', '2024-02-20') ndipo yankho ndi 14. Ngati mukufuna kuti tsiku loyamba liwerengedwenso, monga pa malipiro a ganyu, muwonjezere 1 nokha. Kompyuta singakusankhireni, zimenezi muyambe mwagwirizana ndi akomiti musanalembe chilichonse.

Taonaninso 14 ameneyu. Madeti omwewo mu 2023 akupereka 13, chifukwa Febuluwale wa 2024 anali ndi masiku 29. N'chifukwa chake ndimakana njira ya akalaliki ena yotenga mwezi uliwonse ngati wa masiku 30. Databesi imaidziwa kale kalendala, isiyeni igwire ntchito yake.

Dzina la DATEDIFF nalonso limapusitsa, chifukwa mapulogalamu a databesi safanana kalembedwe. MySQL imafuna deti lomaliza patsogolo. SQL Server imafuna mawu akuti day, kenako deti loyamba, lomaliza pamapeto. Mukasokoneza, yankho limatuluka -14, ndipo ndinaonapo lipoti losonyeza ngati munthu anabweza ngongole asanaitenge. Mu PostgreSQL mulibe DATEDIFF, mumangochotsera madetiwo mwachindunji. Mu SQLite mumagwiritsa ntchito lamulo lina lotchedwa julianday.

Polemba deti, yambani ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku. Kuno 03/04 timati pa 3 Epulo, koma pulogalamu yotsatira kalembedwe ka ku America iwerenga kuti pa 4 Malichi.

Chimene chinandivutitsa sabata yathunthu ndi nthawi. Maseva ambiri (makompyuta osunga databesi) amayendera UTC, nthawi imene maiko onse amayezerapo nthawi zawo, pamene Malawi ali patsogolo ndi maola awiri. Mayi wina anabweza ngongole pafoni 1 koloko usiku pa 1 Juni, seva inalemba 11 koloko usiku pa 31 Meyi. Ndalama yake inalowa m'lipoti la mwezi wapitawo, msungichuma n'kumaisaka m'buku la Juni.