Chala cha agogo sichilakwa, galasi ndiye lili ndi malamulo ake

Foni ya waya inali ya nyumba, sinali ya munthu. Ukaimba unkaimbira malo, ndipo amene ali pafupi ndiye ankanyamula. Kuyambira 1876, chaka chimene Alexander Graham Bell analembetsa luso lake la foni, foni inakhala zaka pafupifupi 100 ili yomangika ku mawaya awiri a mkuwa. Mawaya omwewo ankanyamula mawu komanso moto wamagetsi wa mavolti 48 wochokera ku likulu la mafoni, n'chifukwa chake magetsi akazima m'nyumba foni inkalirabe. Panalibe zotchaja.

Pa 3 Epulo 1973, Martin Cooper wa kampani ya Motorola anaimba foni ya m'manja yoyamba ali mumsewu ku New York, chinthu cholemera kupitirira kilogalamu imodzi. SMS yoyamba inatumizidwa mu Disembala 1992. Koma chimene chinagawa mibadwo kwenikweni ndi iPhone ya mu 2007, imene inazolowetsa dziko lonse galasi m'malo mwa mabatani.

Achinyamata amati akuluakulu amaopa zamakono. Kumeneko n'kuwanamizira. Batani limamva mphamvu ya chala: ukadina limalowa, iwe n'kudziwa kuti zatheka. Galasi lopalasa silimva mphamvu ngakhale pang'ono. Pansi pake pali timizere tamagetsi tosaoneka, ndipo foni imazindikira chala chifukwa khungu limasokoneza magetsi amenewo. Khungu louma kapena lokhakhala, lomwe limachuluka munthu akamakula, silisokoneza mokwanira. Ndiye agogo amakhudza, palibe chochitika. Amakanikiza kwambiri n'kukhalitsa. Apa m'pamene zimasokonekera, chifukwa chala chikakhala pagalasi pafupifupi theka la sekondi foni imayesa kuti mwalamula china, n'kutulutsa zimene simunafune kapena kusuntha zithunzi za mapulogalamu.

Zimenezi zimakonzeka m'mphindi zisanu. Pa mafoni ambiri a Android, lowani mu Settings, kenako Accessibility, mupeze Touch and hold delay n'kusankha nthawi yaitali. Komweko, kapena mu Display, kulitsani zilembo, poti munthu akadutsa zaka 40 maso amayamba kuvutika ndi zapafupi. Ngati pagalasi munamatapo chotetezera chokhuthala, mafoni ena ali ndi Touch sensitivity; yatsani. Pokhudza, gwiritsani mnofu wa chala, osati chikhadabo.

Palinso dandaulo lakuti mawu samveka. Chogwirira cha foni yakale chinali chopindika, mbali ina kukhutu ina kukamwa, moti sukanachigwira molakwika. Foni ya lero imatulutsira mawu pa kamng'alu kopyapyala kumtunda kwenikweni kwa galasi. Mukaika pakati pa foni pakhutu, kamng'aluko kamakhala pamwamba pa khutu, mawu n'kumapita m'tsitsi. Tsitsani foniyo pang'ono musanaganize zoti sipika yafa, ndipo muone ngati timabowo ta sipikayo sitinatsekeke ndi fumbi. Kaburashi kouma kofewa n'kokwanira, singano ayi.

Nawonso achinyamata ali ndi chawo chimene akuluakulu sachimvetsa: kuyang'ana foni ikulira mpaka kusiya, kenako n'kulemba uthenga wofunsa kuti kwagwanji. Kwa munthu amene anakula ndi foni ya nyumba, kulira kwa foni kunali ngati odi pakhomo, ndipo odi sanyalanyazidwa. Koma wobadwa foni ili kale m'thumba amaimbiridwa paliponse, m'kalasi, kuntchito, m'basi, ndiye kwa iye ulemu ndi kuyamba walemba kuti winayo ayankhe akapeza mpata. Mameseji a mawu ojambula, monga a pa WhatsApp, afika pokhala pokumanira: wamkulu amalankhula osalimbana ndi tizilembo, mwana amamvera nthawi yake. Chovuta n'chakuti kuti ujambule umayenera kugwira kabatani ka maikolofoni osachotsa chala, ndipo chikaterereka uthenga umaduka. Mukakhudza kabataniko n'kukokera chala m'mwamba, kamakhoma, ndipo mutha kulankhula chala chili pambali.