Kampamba ka kafukufuku wa ukalamba, kodi kamagwira ntchito yanji?

Anthu akamva kuti ofufuza apatsidwa ndalama amangoganiza za mamiliyoni, magalimoto ndi maofesi. Koma ife amene ntchito yathu ndi kufufuza za umoyo wa okalamba timadziwa kuti nkhani imayambira pa kandalama kochepa, kampamba tinene choncho, kamene munthu amapatsidwa kuti ayese kaye ganizo lake asanapemphe zambiri.

Vuto lake ndi ili. Ukalemba kalata yopempha ndalama zambiri amakufunsa kuti umboni uli kuti woti zimene ukunenazo zitheka, ndiye umboniwo uwutenga kuti usanayambe ntchito? Apa ndi pamene kampamba kamalowa. Ku America bungwe la National Institute on Aging, lomwe linakhazikitsidwa mu 1974, limathandiza mayunivesite kukhala ndi timathumba totere, ndipo ku NIH, likulu la boma loona za kafukufuku wa zaumoyo lomwe bungweli lili pansi pake, kuli thandizo lina lotchedwa R03 lomwe limafika madola 50,000 pa chaka kwa zaka ziwiri basi. Pa kafukufuku ndi ndalama yochepa zedi imeneyo, imathera pa malipiro a ofunsa mafunso, thiransipoti ndi tizipangizo.

Nanga timagula nayo chani? Kunena zoona timagula mwayi wolakwitsa motchipa. Tangoganizani, mwalemba mafunso anu bwinobwino pa kompyuta, mwafika kwa agogo, funso loyamba "Agogo, muli ndi zaka zingati?" iwo n'kuseka, akuti kaya mwina 70. Wachiwiri 70, wachitatu 80, wina 65. Mukaona data yonse mupeza anthu aunjikana pa manambala othera ndi 0 ndi 5, osati chifukwa anabadwa chaka chimodzi ayi, akungoyerekeza. Ndiye mumaphunzira kufunsa mozungulira, kuti pamene chakutichakuti chinkachitika munali mutakwatiwa kale kapena munali mwana, n'kuwerengera nokha. Kuyeza kuiwalaiwala nakonso kuli ndi msampha wake. Pali mayeso ena odziwika oti munthu azichotsera 7 kuyambira pa 100, 93, 86, choncho, koma munthu woti sanapondeko m'kalasi alephera ngakhale mutu wake uli bwinobwino, inu n'kulemba kuti akudwala. Bola muzindikire zimenezi pa anthu 100 kusiyana ndi pa 20,000, ndalama zitapita kale.

China chomwe timayesa ndi zipangizo. Pali kachipangizo kofinya ndi dzanja koyezera mphamvu, kamaoneka ngati choseweretsa koma musakadelere, kafukufuku wa PURE yemwe anatuluka m'magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2015 anapeza kuti mphamvu ya dzanja ikatsika ndi makilogalamu 5 chiopsezo cha imfa chimakwera ndi 16 peresenti. Koma kodi woyezayo wamukhazika bwanji munthu, chigongono wachipinda kapena ayi, nanga wa nyamakazi afinya bwanji? Zonsezo zimakonzedwa pa kuyesa koyamba.

Ngakhale akafukufuku akuluakulu a okalamba anayambira pansi pomwepa. Ku China kafukufuku wa CHARLS anayamba ayesa kaye mu 2008 m'zigawo ziwiri zokha, Zhejiang ndi Gansu, kenako mu 2011 ndi pomwe anafalikira dziko lonse ndi anthu oposa 17,000. Ku India a kafukufuku wa LASI anayesa mu 2010 m'madera anayi, ntchito yeniyeni inadzachitika mu 2017 ndi 2018 ndi anthu oposa 72,000. Onsewa anatengera nzeru ku kafukufuku wa Health and Retirement Study wa ku University of Michigan ku America yemwe anayamba mu 1992 ndipo amabwerera kwa anthu omwewo zaka ziwiri zilizonse.

Changu chilipo ndithu, poti a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO akuti pofika 2050 anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo adzakwana 2.1 biliyoni, kuchoka pa 1 biliyoni mu 2020, ndipo ambiri adzakhala m'mayiko osalemera kumene data ya BP, shuga ndi sitiroko mwa okalamba ndi yoperewera.

Chimandinyansa ine n'chimodzi, kuona zotsatira za kafukufuku woyesa zikulengezedwa ngati mankhwala apezeka. Anthu 40 sangakuuzeni zoona za dziko lonse, chomwe angakuuzeni n'choti mafunso anu akumveka kapena ayi, anthu akulola kubayidwa pa chala kapena akukana, ndipo mukabwerako chaka chamawa muwapeza angati. Opereka ndalama zambiri aja akamawerenga pempho lanu amayang'ana manambala amenewa.