Mnzanu akayamba kumva mawu a anthu osaoneka, yambirani kuchipatala

Uthenga kwa ophunzira a m'masekondale ndi m'makoleji a mu Mzuzu, makolo awo, aphunzitsi ndi oyang'anira mahositelo

Mayeso akayandikira, mphekesera ija imadzukanso, ndipo pano yalowa kale m'magulu a WhatsApp. Akuti pali ophunzira amene "awatengera nzeru". Akuti wina anangobwereketsa cholembera, m'mawa mwake n'kuyamba kuyankhula yekha. Ife ogwira ntchito za umoyo wa maganizo sitikulemba kuti tikangane ndi chikhulupiriro cha munthu. Chotisowetsa tulo n'chakuti nkhani zotere zikafala, mwana wodwala amazungulira naye kwina konse kupatula kuchipatala. Akamafika kwa ife amakhala atataya miyezi, ena chaka chathunthu, ena ali ndi zipsera za zingwe m'manja ndi m'miyendo.

Matenda amene tikunenawa kuchipatala timawatcha psychosis. Kumudzi amangoti wazungulira mutu kapena wayamba misala. Sayamba ndi kuvula zovala pamsika ayi. Amayamba mwakachetechete. Mnyamata amene ankakonda mpira amayamba kudzitsekera m'chipinda. Usiku sagona. Amasiya kusamba, ndipo anzake amaseka kuti akuopa chisanu cha Mzuzu. Malikisi amatsika. Akamakufotokozera nkhani, sulondola pamene wayambira ndi pamene akulowera. Pakapita masabata kapena miyezi amayamba kumva mawu a anthu amene palibe wina akuwamva, akumunyoza kapena kumulamula. Amakhulupirira ndi mtima wonse kuti wailesi ikunena za iye, kuti m'nsima amuthirira mankhwala, kuti mnzake wogona naye chipinda chimodzi watumidwa kuti amuphe.

Apa ndiye pamene mabanja ambiri amasocherera, ndipo chonde muwerenge modekha. Wodwalayo amanena ndi pakamwa pake kuti "andilodza". Amatchula ndi dzina lomwe, mwina la azakhali ake, mwina la mnzake amene amalimbirana naye nambala wani m'kalasi. Makolo akamva amati umboni ndi umenewu, mwana waulula yekha. Chonsecho kukhulupirira kuti anthu akukuchitira chiwembu ndi chimodzi mwa zizindikiro za matendawa, monga mmene kutentha thupi kulili chizindikiro cha malungo. Wodwala wa ku London amanena kuti akazitape a boma akumulondalonda ndi makamera. Wodwala wa ku Chibavi amanena kuti afiti akumulondalonda usiku. Matenda ndi amodzi, ubongo wodwala umangotola nkhani imene uli nayo pafupi. Ndiye mukatenga mawu a mwanayo n'kupita nawo kokaombeza, dziwani kuti mwatenga chizindikiro cha matenda n'kuchisandutsa mlandu wa pabanja. Azakhali aja adzadedwa popanda chifukwa, mwana akudwalabe.

Zoyambitsa tingozitchula mwachidule, poti ena mwa inu munazimva kale m'kalasi. Maselo a mu ubongo amatumizirana mauthenga kudzera m'timadzi tina, ndipo kamodzi mwa ito, dopamine, sikagwira ntchito mwa dongosolo lake munthu akadwala chonchi. Chibadwa chimatengapo mbali: ngati kholo limodzi lili ndi mtundu wokhalitsa wa matendawa, wotchedwa schizophrenia, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 10 amadzadwalanso, kutanthauza kuti ambiri sadwala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti schizophrenia imagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300. Chamba chimawonjezera chiopsezo, makamaka kwa amene ayamba kusuta ali aang'ono ndiponso osuta tsiku ndi tsiku. Mowa wambiri, kusagona masiku angapo motsatizana, imfa ya wachibale, nkhawa ya fizi, zonsezi zingadzutse matenda mwa munthu amene anali nacho kale chiopsezo. Amayi ena amadwala patangopita masiku ochepa atabereka.

Mwina mukufunsa kuti nanga bwanji zimagwera ana a sukulu, makamaka amene afika patali. Yankho lake ndi msinkhu. Matendawa amakonda kuyamba munthu akamamaliza zaka za m'ma 10 mpaka m'zaka za m'ma 20, ndipo anyamata amayamba msanga poyerekeza ndi atsikana. Msinkhu umenewo ndi wa Fomu 4, ndi wa chaka choyamba ku Mzuni kapena ku koleji ya aphunzitsi. Mnyamata wa msinkhu womwewo wopalasa kabaza amadwalanso chimodzimodzi, koma palibe amati amuchitira nsanje. Akadwala wa kuyunivesite mudzi wonse umapeza chifukwa. Kuwerenga sikupengetsa munthu, ndipo nzeru sizibedwa ndi cholembera. Chimene chingakuvulazeni ndi kuchezera usiku wonse mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, mukumwa khofi kapena kusuta kuti "mutu utseguke".

Pali china choopsa kuposa apa. Si aliyense wobwebweta amene ali ndi matenda a maganizo. Malungo ofika mu ubongo, matenda oumitsa khosi, matenda ena obwera chifukwa cha HIV, kutsika kwa shuga m'magazi, kuvulala m'mutu, zonsezi zimasokoneza munthu mpaka kuona zinthu zosaoneka. Izi zimapha m'masiku ochepa, zina m'maola. Ngati mnzanu wasokonezeka mwadzidzidzi, thupi likutentha, khosi lauma, akukomoka kapena sakuzindikira komwe ali, musadikire kuti kuche, musadikire kuti malume abwere kuchokera ku Rumphi adzagamule. Pezani galimoto mupite naye ku Mzuzu Central Hospital usiku womwewo. Sing'anga alibe choyezera malungo. Mneneri sangaone zomwe zili m'madzi a pamsana.

Tibwererenso pa kuchedwa kuja, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kafukufuku wa m'maiko ambiri wapeza chinthu chimodzimodzi: munthu akakhala nthawi yaitali ndi psychosis osalandira mankhwala, kuchira kwake kumavuta. Amene wayamba mankhwala m'masabata oyambirira amakhala ndi mwayi waukulu wobwerera m'kalasi. Amene wafika patatha chaka amathandizikabe, koma nthawi zambiri amachira pang'onopang'ono, malo ake kusukulu atapita, anzake atamuthawa. Ndipo taonani mmene chakacho chimathera. Mwezi woyamba banja limati tidikire, mwina ndi kutopa. Wachiwiri apita kwa sing'anga, mbuzi yapita. Wachitatu amva za wina wamphamvu kunyanja, akwera minibasi ya ku Nkhata Bay. Kenako kumapemphero, mwana akusalitsidwa kudya masiku atatu pomwe thupi lafooka kale. Ndalama ya fizi yathera m'njira. Zikakanika zonse ndi pamene amati tiyeni tikayese kuchipatala. Tikawafunsa kuti munali kuti nthawi yonseyi, amangoyang'ana pansi, ndipo ife sitiwakalipira chifukwa tikudziwa kuti ankafunira mwana wawo zabwino. Koma mumtima zimatiwawa.

Sitikunena kuti musiye kupemphera. Kuno kumpoto tikudziwanso ulemu umene mabanja ambiri amapereka ku vimbuza, ndipo sitinabwere kudzanyoza ng'oma ya makolo a munthu. Pempho lathu ndi la ndondomeko chabe: chipatala chiyambe. Abusa abwere adzamupempherere ali pa bedi la kuchipatala, palibe namwino angawabweze pa nthawi yoona odwala. Chimene tikukana ndi kumumanga, kumumenya kuti chiwanda chituluke, kumumana chakudya ndi madzi, kumumwetsa zitsamba zosanzitsa, kapena kumuuza kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro.

Anthu a mu Mzuzu muli ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. A St John of God akhala akuthandiza odwala maganizo mumzinda uno kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo ali ndi malo ogoneka odwala komanso koleji yophunzitsa ogwira ntchitoyi. Simukufunika kuyamba mwaganiza za ulendo wa ku Zomba. Mukhozanso kuyambira pa chipatala chaching'ono cha boma chimene muli nacho pafupi, monga cha ku Mapale, iwo adzakulozerani koyenera. Tengani buku lake la kuchipatala, ndipo apite ndi munthu amene wakhala naye masiku amenewa, woti angafotokoze zomwe waona. Ngati amasuta chamba nenani. Ife si apolisi.

Mankhwala alipo, monga chlorpromazine, haloperidol ndi risperidone, ndipo kwa amene amaiwala mapiritsi pali jakisoni wobaya pakapita masabata angapo. Tulo ndi kudekha zimabwera m'masiku oyambirira, koma mawu aja ndi zikhulupiriro zija zimatenga masabata kuti zizilale, ndiye musati mankhwala alephera pa tsiku lachitatu. Ena akayamba kumwa thupi limauma, manja amanjenjemera, khosi limapindika, maso amayang'ana m'mwamba, dovu limatuluka. Achibale akaona izi amati mizimu yakana mankhwala achizungu, n'kuthawa naye. Ayi ndithu. Izi ndi zotsatira zodziwika za mankhwalawo, ndipo dokotala amazithetsa pochepetsa mlingo, posintha mtundu, kapena popereka piritsi lina. Bwererani naye tsiku lomwelo. Akachira asasiye yekha. Pa kudwala koyamba mankhwala amamwedwa kosachepera chaka chimodzi munthu atapeza bwino, ndipo wonena kuti tsopano achepetse ndi dokotala. Ambiri amene timawalandira kachiwiri ndi amene anauzidwa kunyumba kuti wachira, basi siya.

Inu ophunzira anzake ndi amene mumaona zizindikiro poyamba, makolo ali kutali ku Karonga kapena ku Mzimba. Mbewa zikachuluka siziika masa: m'hositelo aliyense amaganiza kuti wina wakanena kale, mpaka teremu kutha. Kaneneni inuyo lero kwa matroni, kwa mphunzitsi amene mumamukhulupirira, kapena ku kiliniki ya pasukulu. Musamujambule pa foni. Kanema ameneyo adzamutsata ngakhale atachira, pofunsira ntchito ndi pofunsira banja pomwe. Poyankhula naye musamutsutse kuti palibe mawu, musamuvomerezenso kuti inde akumulodza. Muuzeni kuti, "Achimwene, ndikuona kuti mukuvutika ndipo simukugona, tiyeni tikaonane ndi adokotala, ndikuperekezani." Muyankhule motsitsa mawu, mmodzi yekha, osamuunjirira.

Akanena kuti mawuwo akumuuza kuti adziphe kapena avulaze wina, kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Chotsani zingwe, mipeni, mankhwala a makoswe ndi a m'dimba. Wina akhale naye pafupi osamusiya ngakhale kwa kanthawi, wina akafune galimoto. Makolo muwaimbira foni muli kale m'njira.