Mkangano wa timabowo ta zeolite: kodi Gorring anaona zoona?

Mafuta akasowa kuno ku chigwa, akabaza a njinga zamoto ali pamzere ku Nchalo, ena akugula wa m'zigubu ku Bangula, timangokangana za forex ndi ma tanker ochokera ku Beira basi. Koma petulo wambiri asanakwere tanker amakhala atadutsa kaye m'timabowo tosaoneka ndi maso ta mwala wotchedwa zeolite, ndipo za mmene mafuta amayendera m'timabowomo asayansi anadzakangana chifukwa cha zomwe katswiri wina dzina lake Gorring anapeza mu 1973.

Zakale ndingodutsamo. Mwalawu anautchula dzina ndi Axel Cronstedt wa ku Sweden mu 1756, Richard Barrer anayamba kuupanga mu labotale m'ma 1940, nde mu 1962 kampani ya Mobil inayamba kuugwiritsa ntchito pophwanya mafuta okhuthala kuti patuluke petulo wochuluka. Timabowo ta zeolite ndi pafupifupi theka la nanometre (millimetre imodzi ili ndi ma nanometre miliyoni imodzi), molecule, kachidutswa kochepetsetsa ka mafuta, imalowa mothinana. Ngakhale ethanol, ngati uyu amapangidwa ku PressCane kuno ku Chikwawa, mafakitale ambiri amamuchotsa madzi omaliza ndi zeolite.

Pomwe zinatembenukira ndi apa. Mu 1969 akatswiri a ku Mobil anaphwanya mafuta a unyolo wautali (molecule yake ndi ma atomu a carbon ambiri olumikizana ngati unyolo) pa zeolite yotchedwa erionite, nkupeza kuti zotulukazo zambiri zili ndi ma carbon 3 kapena 4, zina 10 mpaka 12, koma zapakatipo pafupifupi palibe. Mu 1973 Gorring, wa ku Mobil konko, anayeza liwiro la ma molecule amenewa mu zeolite T, mbale wake wa erionite, ndipo zomwe anapeza zinali zosemphana ndi nzeru wamba: ya ma carbon 8 imayenda pang'onopang'ono kwambiri, pamene ya ma carbon 12, yomwe ndi yayitali, imathamanga kuposa mnzakeyo pafupifupi ka 100. Kufotokoza kwake kunali koti mkati mwa mwalawu muli tizipinda tolumikizana ndi timakomo topapatiza, yayifupi imakwanamo bwinobwino nkukhazikika, yayitali siyikwana. Zili ngati mlamba wautali mu mono waung'ono, mutu uli mkati koma mchira ukadali pakhomo, sungakhazikike.

Anthu anakhulupirira zaka pafupifupi 20. Kenako m'ma 1990 gulu la Douglas Ruthven ndi gulu linanso anayezanso ndipo sanapeze zimenezo, iwo anaona kuti molecule ikamatalika liwiro limangotsika basi. Anati Gorring anayezera pa mulu waukulu wa zeolite, ndipo mafuta akamalowa m'mwalamo pamatuluka kutentha, nde mwina anayeza kuzizira kwa muluwo osati kuyenda kwa ma molecule. Mfundoyi ndi yolemera ndithu, Ruthven sanali munthu wongolankhula, moyo wake wonse unathera pa miyeso yomweyi.

Apa mpomwe kompyuta inalowerera. Pofika 1990 anthu anali atayamba kale kuwerengera pa kompyuta mmene mpweya wa methane umayendera mu zeolite ina yotchedwa silicalite, atomu iliyonse kuyitsata kaphazi ndi kaphazi. Vuto linali loti molecule yayitali imakhala nthawi yayitali isanadumphe khomo limodzi, kompyuta imatha masiku ikudikira. David Dubbeldam ndi Berend Smit ku Amsterdam ndi anzawo anazemba vutoli powerengera mphamvu yomwe molecule imafuna kuti idutse pakhomopo, ndipo mu 2003 anapeza kuti mu erionite ya unyolo wautali imathamangadi kuposa yapakati. Mu 2004 Hervé Jobic ku France anayeza ndi ma neutron, tizidutswa ta mkati mwa atomu, nkuonanso liwiro likukwera pa ma carbon 12.

Chilungamo chake, Jobic anayeza zeolite 5A, osati ya Gorring ija. Kompyutanso imatenga mwala wangwiro wopanda chilema, pamene zeolite T yeniyeni ndi erionite yosakanikirana ndi zeolite ina yotchedwa offretite, timakomo tina totsekeka. Nchifukwa chake Ruthven sanagonje, mu 2006 analembanso kuti manambala a Gorring amafotokozeka ndi kutentha kokha. Mwina pa manambalawo akunena zoona. Koma chithunzi cha kachipinda ndi khomo chomwe Gorring anajambula alibe kompyuta yoti imuonetse, ndi chomwecho chomwe a ku Amsterdam anachipeza patatha zaka 30, ndipo ine ndimaona kuti dzina lake linanyozeka mopitirira muyeso.