Chitenje chisanafike pa makina

Madandaulo ambiri amene amafika kwa ife atelala sakhala okhudza msoko. Mayi amabwera ndi diresi la mwana limene anasoka yekha kunyumba, msoko wake wowongoka bwinobwino, koma litangochapidwa kamodzi lakwera m'mwamba, m'khwapa mwathina, mpendero wapotokera mbali imodzi. Wina amadandaula za makatani oti tsiku lowapachika ankakhudza pansi, lero akulekezera m'malere. Onsewa amaloza chala makina kapena manja awo, chonsecho nsaluyo inali italakwika kale isanaonane ndi singano. Ntchito yosoka imakoma kapena kuonongeka pogula, pochapa ndi podula. Kupalasa makina kumabwera kumapeto.

Tiyambire kumsika. Chitenje chimene timagula ku Limbe, ku Area 2 ku Lilongwe kapena ku Taifa ku Mzuzu timangochitchula kuti ndi cha mamita 2, ndipo m'lifupi mwake chimakhala cha masentimita pafupifupi 115. Koma wakisi wambiri, chitenje chopangidwa ndi phula, amachoka ku fakitale ali wa mayadi 6, ndipo yadi ndi yaifupi poyerekeza ndi mita, ndi masentimita 91 basi. Wogulitsa akadula mayadi 6 aja patatu, chidutswa chilichonse chimakhala cha masentimita 183, osati 200. Wovala m'chiuno sangaone kusiyana kwake. Wosoka amadzakuona atafika podula mkono wachiwiri n'kupeza kuti nsalu yatha. Popita kogula, tepi yoyezera izikhala m'chikwama, ndipo palibe chochititsa manyazi kuyeza wogulitsa akuona.

Chachiwiri ndi kudziwa ngati nsaluyo ndi ya thonje kapena ya poliyesitala. Maso amanama, manja nawonso amanama, chifukwa nsalu zambiri zotsika mtengo amazipaka sitachi wambiri kuti zizimveka zokhuthala. Tikitani kangodya kake pakati pa zala. Ikafewa msanga n'kusiya kaufa koyera, dziwani kuti kulimbako n'kwa sitachi, ndipo kudzatsalira m'beseni. Mukafika kunyumba, solani timaulusi tingapo m'mphepete n'kutiyatsa ndi machesi pa mbale yachitsulo. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lake n'lomwelo, ndipo limasiya phulusa lofewa lomwe limafumbutuka mukalikhudza. Poliyesitala amanyala pothawa moto, amasungunuka, n'kusiya kampira kakuda kolimba. Sindikunena kuti poliyesitala ndi woipa. Safupika, sasuluka msanga, ndipo amachita bwino pa makatani ndi zikwama. Koma samwa thukuta, choncho musasokere mwana diresi la nsalu yotere loti azivala mu Okutobala ku Nsanje. Musasokerenso epuloni kapena zogwirira mapoto, chifukwa nsalu yosungunuka ikagwira moto imamatirira pakhungu.

Tembenuzaninso nsaluyo muone kuseri kwake. Wakisi weniweni amakhala ndi mtundu wofanana mbali zonse ziwiri, moti nthawi zina umavutika kudziwa kunja ndi kuti. Izi zili chonchi chifukwa cha kapangidwe kake. Luso lake linachokera ku nsalu za batik za ku Indonesia, kumene amapaka phula pamalo pomwe sakufuna kuti utoto ulowe, kenako n'kuviika nsalu yonse mu utoto. Anthu a ku Netherlands anayamba kutsanzira lusoli ndi makina m'zaka za m'ma 1800, ndipo kampani ya Vlisco ya m'tauni ya Helmond, yomwe inayamba mu 1846, ikupangabe nsalu zotere mpaka lero. Zitenje zina zambiri, kuphatikizapo za misonkhano, za mipingo ndi za Tsiku la Anakubala, amangozidinda mbali imodzi, kuseri kumakhala kotuwa. Nazonso n'zabwino, bola muzisokere chinthu chimene kuseri kwake sikudzaonekera. Katani wa nsalu yodinda mbali imodzi amakongola m'nyumba mokha, odutsa panja amaona kuseri kotuwa kuja.

Tsopano nkhani yaikulu, imene anthu ambiri amailumpha chifukwa cha changu: chitenje cha thonje chichapidwe musanachidule. Ku fakitale ulusi amaukoka mwamphamvu poluka nsalu, amaukokanso podinda maluwa ndi poumitsa. Nsalu imafika kumsika ulusi wake udakali wokokeka, ndipo sitachi uja ndiye amaugwira kuti usabwerere. Ikangolowa m'madzi, ulusi umamasuka n'kubwerera mwakale. Thonje limatha kufupika ndi masentimita 3 mpaka 5 pa mita iliyonse, makamaka m'litali. Zikumveka zochepa, koma pa katani wa mamita 2 ndiye kuti pachoka masentimita mpaka 10, ndipo pa bulauzi yothina bwino masentimita 2 okha ndi okwanira kuti zipi ikane kutseka. Vuto limakula mukaphatikiza nsalu ziwiri, mwachitsanzo chitenje kunja ndi nsalu yoterera ya poliyesitala m'kati. Yakunja imafupika, yam'kati ayi, ndiye yam'katiyo imayamba kusuzumira kunsi kwa mpendero.

Ndikudziwa chifukwa chake ambiri safuna kuchapa. Chitenje chatsopano chimanyezimira, chimagwirika bwino pa makina, ndipo kasitomala amafuna chovala chake chioneke kuti n'chatsopano pa tsiku la chinkhoswe. Ngati chovalacho n'chovala tsiku limodzi lokha, palibe kanthu. Koma zinthu za pakhomo monga nsalu za pathebulo, zovala za ana ndi zophimbira mapilo zimachapidwa mlungu ndi mlungu. Kunyezimira kumene mukukusungako kudzatha pa kuchapa koyamba komweko, pamodzi ndi muyeso wanu.

Kachapidwe kake n'kosavuta. Yambani mwachotsa chipepala chomata chija potenthetsa kuseri kwake ndi simbi yofunda, chimamatuka chosasiya ulimbo. Mukachinyowetsa chidakali pomwepo, ulimbowo umakakamira. Viikani chitenjecho pachokha m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono kwa ola limodzi, chapani ndi sopo wochepa, tsukuluzani mpaka madzi ayere. Musachipotokole pofinya. Yanikani pamthunzi, kuseri kuli kunja, chifukwa dzuwa limasulutsa nsalu kuposa sopo.

Nanga mchere? Ambiri tinakula tikuona amayi akuthira mchere m'madzi oviikamo chitenje chatsopano kuti mtundu ugwire. Mchere uli ndi ntchito pa nthawi imene nsalu ikunyikidwa mu utoto, umathandiza utoto kulowa mu ulusi. Koma nsalu imene yatuluka kale ku fakitale, mchere sungabwezeretse utoto umene sunagwire. Chimene chimathandiza pamenepo ndi kuviika ndi kutsukuluza komweko, komwe kumachotsa utoto wotsalira pamwamba. Thirani mcherewo ngati mtima ukufuna, suononga kanthu, koma musaudalire. Njira yodalirika ndi iyi: nyowetsani kansalu koyera, kaikeni pa chitenje chochapa kale, n'kusindikiza ndi simbi yotentha. Kansaluko kakatenga mtundu, chitenjecho musachiphatikize ndi nsalu yoyera kapena yowala, ngakhale kolala yokha.

Sitani nsalu idakali ndi kachinyezi, ndipo simbi iziyenda motsata litali. Ogwiritsa ntchito simbi ya makala ayale kansalu kena pamwamba, kamoto kamodzi kothetheka kamaboola chitenje chonse.

Mukatha kusita, onani mmene ulusi wayendera. Nsalu iliyonse yolukidwa ili ndi ulusi wa mitundu iwiri. Wina umayenda m'litali, motsatana ndi mphepete yolimba ija imene siyoyoka, ndipo umenewu ndi wamphamvu, sutamuka. Wina umapingasa, ndipo umatamuka pang'ono. Mukakoka nsalu chopendekera, kuchoka ngodya ina kupita ina, imatamuka kwambiri. Chovala chimagwa bwino pathupi ngati ulusi wake waima chilili kuchoka paphewa kupita pansi. Mukadula mopendeketsa pang'ono pokha, msoko wam'mbali umayamba kuzungulira kutsogolo chovalacho chikachapidwa, ndipo palibe simbi imene ingauwongole. Pomwe wogulitsa anadula ndi sizasi sipakhala powongoka. Solani ulusi umodzi wopingasa kuchoka mphepete ina kufika ina, mzere umene watsalawo ndiwo wowongoka, dulani motsata umenewo.

Apa chitenje chimabweretsa vuto lakelake. Zina amazidinda mokhota, maluwa amayenda njira yawo, ulusi njira yakenso. Mukatsata ulusi, mizere ya maluwa ioneka yopendekera. Mukatsata maluwa, chovala chidzapotoka. Pa khushoni kapena chikwama, tsatani maluwa, chifukwa ndiwo amaoneka ndipo chinthucho sichilendewera. Pa siketi ndi katani, ulusi ndiwo ulamule, ndipo ngati kukhotako n'kwakukulu, nsaluyo ipezereni ntchito ina. Onaninso kumene maluwawo akuyang'ana musanadule. Mbalame zoyang'ana m'mwamba kutsogolo kwa diresi, kumbuyo zili chadodolido, si zachilendo m'matchalitchi mwathu. Duwa lalikulu lozungulira lisagwere pachifuwa penipeni kapena pamatako. Nsalu ya maluwa akuluakulu imadya malo, choncho gulani yoposa imene mwawerengera kuti maluwa akumane bwino pa msoko.

Za makina ndinena mwachidule. Makina opalasa ndi miyendo a Singer kapena Butterfly amene ali m'makonde ambiri amasoka chitenje bwino lomwe. Singano ya nambala 14 ndiyo yoyenera, ya 16 isungireni jinzi ndi zikwama zokhuthala. Makina akayamba kulumpha msoko kapena kugogoda polowa mu nsalu, sinthani singano musanaitane wokonza. Ulusi ukamapanga mfundo kunsi kwa nsalu, ambiri amathamangira kumasula kasikuluwu ka pa bobini, pamene pamakhala ulusi wakunsi, chonsecho vuto limakhala pa ulusi wapamwamba. Uchotseni wonse, kwezani kaphazi kopondera nsalu, n'kuulowetsanso mwatsopano. Ndipo chonde, mafuta ophikira si a makina. Amauma n'kusanduka ulimbo m'kati.

Thonje limayoyoka m'mphepete, ndipo pakhomo pambiri palibe makina a ovaloko otsekera mphepete. Sokani msoko wobisa. Phatikizani nsalu ziwirizo kunja kuli kunja, mosiyana ndi mmene timachitira nthawi zonse, n'kusoka theka la sentimita kuchokera m'mphepete. Metani timaulusi totuluka, tembenuzani, sitani, n'kusokanso sentimita imodzi kuchokera pomwe mwapindapo. Mphepete yoyoyoka ija yatsekeredwa m'kati, moti ngakhale muchape pamwala siituluka. Zonse pamodzi zadya sentimita imodzi ndi theka, ndiye muyeso womwewo umene muyenera kuonjezera podula mbali iliyonse yodzasoka.

Amene akungoyamba kumene ayesere pa chophimbira khushoni chopanda zipi. Ngati khushoni ndi ya masentimita 40 mbali zonse, dulani chidutswa chimodzi cha masentimita 43 m'lifupi ndi 96 m'litali. Pindani mpendero ku mbali ziwiri zazifupi, kawiri, sentimita imodzi ndi theka ulendo uliwonse, n'kusoka. Mwatsala ndi masentimita 90. Yalani nsaluyo kunja kuli m'mwamba, pindirani mbali ziwirizo pakati, iliyonse masentimita 25, kuti zisanjikizane ndi masentimita 10 ndipo chonsecho chikhale cha masentimita 40. Sokani m'mbali muwiri motsegukamo, tembenuzani, n'kulowetsa khushoni pa mpata wosanjikizana uja. Mukadula zidutswazi mopingasa chitenje, chimodzi cha mamita 2 chimatulutsa zophimbira 4 ngakhale chitafupika pochapa. Cha mayadi 2 chija chikafupika chimafika pa masentimita 174 kapena kuposerapo pang'ono, pamene pakufunika 172, choncho dulani mosamala.

Pa makatani, nsalu ikhale yotambalala kuwirikiza kawiri m'lifupi mwa zenera, kapena kamodzi ndi theka ngati ndalama zavuta, apo ayi katani amangoti tasa osapanga mapindi. M'litali onjezerani masentimita 20 a mpendero wa m'munsi ndi polowa waya. Zenera loyang'ana kumadzulo limafuna nsalu ina yoyera kuseri, chifukwa dzuwa la masana limasulutsa chitenje ndi kufoola ulusi wake.

Tizidutswa totsala musataye. Timalumikizika n'kukhala chofunda cha pabedi, chopondera pakhomo kapena kachikwama ka mabuku a mwana. Ingosiyanitsani matumba awiri, lina la tizidutswa ta thonje tochapa kale, lina la tosachapa ndi ta poliyesitala. Mukatisakaniza m'chofunda chimodzi, kachidutswa kalikonse kadzafupika pa mlingo wake, ndipo misoko yonse idzachita makwinya. Ngati mwapatsidwa tizidutswa ndi telala ndipo simukudziwa ngati tinachapidwa, tiikeni m'thumba la pilo, mangani kukamwa, n'kutiviika momwemo kuti tisayoyoke.